Nsawawa za Wansembe wa ku Brno: Kodi Mwana Amatengera Ndani?

Lero tipita ku Ulaya wa zaka za m'ma 1800, m'dimba la nsawawa, koma tiyambire pakhomo.

Mwana akabadwa kwathu pamakhala kabwalo ka milandu. Kale kankachitika tsiku lotuluka m'chikuta, masiku ano kamachitikira pa WhatsApp. Azakhali amayandikitsa nkhope pafoni n'kuti, "Mphuno iyi ndi ya kwathu." Agogo a kuchikazi salola: "Koma chipumicho ndi cha malemu bambo anga." Tonse timaseka, wina n'kuponyapo mwambi, make mbuu mwana mbuu. Ukafunsa kuti zimatheka bwanji, yankho limakhala limodzi: ndi magazi basi.

Koma pali masiku amene sipakhala kuseka. Mwana wabadwa wachialubino pomwe bambo ndi mayi onse ndi akuda. Kapena mwana akungodwaladwala, manja ndi mapazi kutupa, adokotala n'kunena kuti ndi sickle cell, pomwe makolo ali bwinobwino. Pamenepo maso onse amatembenukira kwa mayi, ndipo wina wa kuchimuna amatulutsa mawu aja: "Kumtundu kwathu kulibe zimenezi." Maukwati atha ndi mawu amenewa. Munthu amene anayamba kupeza chifukwa chake mawuwa ali olakwika sanapondepo mu Africa, sanakwatire, analibe mwana. Anali wansembe wa Katolika amene mayeso a uphunzitsi anamukanika kawiri konse. Dzina lake ndi Gregor Mendel.

Mendel anabadwa mu July 1822 m'mudzi wa Heinzendorf, umene pa nthawiyo unali mu ufumu wa Austria. Lero mudziwo uli m'dziko la Czech Republic ndipo umatchedwa Hynčice. Bambo ake, a Anton, anali mlimi wamba, ndipo masiku atatu pa sabata ankakagwira ntchito yaulere kwa mwini malo. Amene munamvapo agogo a ku Thyolo kapena ku Chiradzulu akusimba za thangata mwaudziwa kale moyo umenewo. Mnyamatayo, amene pa ubatizo anali Johann, anali wanzeru, ndiye anamutumiza kusukulu kutali ndi kwawo. Kenako bambo ake anavulala kwambiri mtengo utawagwera, ndalama n'kutheratu. Anamuwombola ndi mlongo wake wamng'ono, Theresia, amene anapereka gawo la chuma chimene makolo anamusungira kuti adzalowe nacho m'banja. Mendel sanaiwale. Atakula analipirira sukulu ana aamuna atatu a Theresia. Inu amene mumatumiza fizi kumudzi mwezi ndi mwezi, kankhani aka mukukamva bwino.

Mu 1843 analowa m'nyumba ya amonke a chipani cha Augustine Woyera mumzinda wa Brno, ndipo kumeneko ndi kumene analandira dzina lakuti Gregor. Brno unali mzinda wa mafakitale a nsalu za ubweya wa nkhosa. Eni nkhosa a m'deralo, lotchedwa Moravia, ankafuna ubweya wosalala chifukwa ndi umene unali ndi ndalama, ndiye anali ndi bungwe lokambirana za kakweretsedwe ka ziweto. Mkulu wa nyumba ya amonke ija, Cyrill Napp, ankapita ku misonkhano imeneyi, ndipo cha m'ma 1837 anawauza anzake kuti asanakangane za nkhosa yamphongo yabwino, ayambe afunsa kuti chimene mwana amatengera kwa kholo n'chiyani kwenikweni, ndipo chimayenda bwanji. Palibe anayankha. Akatswiri ambiri a nthawiyo ankaganiza ngati azakhali athu aja: zochokera kwa bambo ndi zochokera kwa mayi zimasungunuka pamodzi monga mkaka mu tiyi. Ukathira wathira, sungaulekanitsenso.

Mendel anadzozedwa unsembe mu 1847, koma ntchito ya pa parishi inamukanika. Akapita kukaona odwala ndi omwe ali pafupi kumwalira, iye ndi amene ankabwerako akudwala. Napp anamutumiza kukaphunzitsa, ndipo mu 1850 analemba mayeso oti akhale mphunzitsi wovomerezeka. Analephera. M'malo momutaya, Napp anamulipirira kukaphunzira pa yunivesite ya Vienna kuyambira 1851 mpaka 1853. Kumeneko anaphunzira za zomera, koma chofunika kwambiri pa nkhani yathu n'chakuti anaphunziranso fizikisi ndi masamu, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi ake anali Christian Doppler. Anthu a fizikisi ali ndi khalidwe limene anthu a zomera a nthawiyo analibe: amasintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi, n'kuwerenga. Mu 1856 anayeseranso mayeso aja, osatheka. Chaka chomwecho anayamba ntchito ya nsawawa.

Dimba lake linali laling'ono, pafupifupi mamita 35 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi, kuphatikizapo nyumba ya magalasi imene Napp anamangitsa. Sanathamange. Anatenga mitundu 34 ya nsawawa kwa ogulitsa mbewu, n'kuibzala zaka ziwiri pongofuna kuona ngati mtundu uliwonse ukubereka zofanana ndi iwo wokha. Anasankhapo 22. Nsawawa anaisankha dala, chifukwa duwa lake ndi lotsekeka: chachimuna ndi chachikazi zili m'duwa limodzi, ndipo limadzipatsa lokha mungu lisanatseguke. Ndiye ukafuna kukweretsa mitundu iwiri, umatsegula duwa likadali lanthete, kuchotsamo timitu ta mungu ndi kachitsulo kopanira, n'kupakapo mungu wa chomera china. Duwa ndi duwa, chowerama, chilimwe chilichonse kwa zaka 8. Zomera zonse zimene anabzala zinali pafupifupi 28,000.

Sanayang'ane chomera chonse nthawi imodzi. Anasankha zinthu 7 zimene zimabwera mwa mitundu iwiri yokha, popanda chapakati. Njere yosalala kapena yamakwinya. Njere yachikasu mkati kapena yobiriwira. Chomera chachitali, chofika mamita awiri, kapena chachifupi, chosakwana theka la mita. Zina zinali za maluwa ndi makoko.

Atakweretsa chachitali ndi chachifupi, maganizo a tiyi wamkaka aja akanakhala oona, ana akanatuluka apakatikati. Ayi ndithu, onse anatuluka aatali. Yosalala ndi yamakwinya, njere zonse zosalala. Ndipo apa mvetserani bwino, chifukwa m'makalasi ambiri amangodumphapo: Mendel anayesa mbali zonse ziwiri. Ulendo wina chachitali chinali mayi, chachifupi n'kupereka mungu. Ulendo wina anatembenuza. Zotsatira zake sizinasinthe ngakhale pang'ono. Bambo ndi mayi ankapereka mofanana.

Ndiye kufupika kuja kunapita kuti? Kunafa? Mendel anasiya ana aatali aja kuti adzipatse okha mungu, n'kubzala adzukulu. Zazifupi zinabwerera, zazifupi ndendende ngati agogo awo, osati zosukuluka. Alimi ndi akatswiri ena anali ataonapo kale zoterezi. Chimene Mendel anachita mosiyana ndi onse n'chakuti anakhala pansi n'kuwerenga. Zazitali 787, zazifupi 277. Njere zosalala 5,474, zamakwinya 1,850. Zachikasu 6,022, zobiriwira 2,001. Gawani nokha pafoni yanuyo. Paliponse mupeza pafupifupi zitatu kwa chimodzi. Chimene chimaonekera m'badwo woyamba anachitcha cholamulira, chimene chimabisala n'kudzabweranso anachitcha chobwerera m'mbuyo. Ndi mawu aja a dominant ndi recessive amene munavutika nawo pa GCSE kapena pa matric. Ife lero tingoti choonekera ndi chobisala.

Gawo limene ine ndimalikonda ndi lotsatira. Mendel anakayikira njere zosalala za adzukulu zija, kuti mwina sizofanana mkati ngakhale zikufanana kunja. Anabzala, n'kuyang'ana zomera 565. Mwa izo, 193 zinabereka njere zosalala zokhazokha. Zotsala 372 zinabereka zosalala ndi zamakwinya zomwe. Ndiye kuti pa njere zitatu zilizonse zooneka zosalala, ziwiri zinali zitanyamula makwinya mwakachetechete. Ukanazifunsa zikanalumbira kuti kumtundu kwathu kulibe makwinya.

Kufotokoza kwake kunali kotere. Pa chinthu chilichonse, chomera chimakhala ndi timalangizo tiwiri, kamodzi kochokera kwa mayi, kena kwa bambo. Timalangizoti sitisungunuka. Timakhala pamodzi koma kalikonse n'kukhalabe momwe kalili, ndipo chomeracho chikamapanga mungu kapena dzira, timapatukana, mbewu iliyonse n'kutenga kamodzi kokha, mwamwayi. Mendel ankalemba choonekera ndi A wamkulu, chobisala ndi a wamng'ono. Tengani makolo awiri, aliyense ali ndi A wamkulu ndi a wamng'ono. Zili ngati anthu awiri akuponya ndalama zachitsulo, aliyense yake. Njira zogwera ndi zinayi: wamkulu ndi wamkulu, wamkulu ndi wamng'ono, wamng'ono ndi wamkulu, wamng'ono ndi wamng'ono. Zitatu zoyambazo zili ndi A wamkulu, ndiye zimaoneka zosalala. Yachinayi yokha ndi imene makwinya amatulukira, ndipo kuti atuluke, pamafunika a wamng'ono wochokera uku ndi a wamng'ono wochokera uko. Kholo limodzi palokha silingathe.

Amene munakulirako kumudzi munaziona izi m'munda osadziwa. Chimanga cha haibulidi, monga SR52 amene anatulutsidwa ku Zimbabwe mu 1960 dzikolo likadali Southern Rhodesia, chaka choyamba chimakhala chofanana mzere wonse ngati asilikali. Ukasunga mbewu yake n'kubzala chaka chotsatira, china chachitali, china chonyentchera, zokolola n'kutsika. Si kuti ogulitsa mbewu analodza thumba ayi. Ndi adzukulu a Mendel aja, zobisala zikutuluka.

Pa 8 February ndi pa 8 March 1865, Mendel anaima pamaso pa bungwe la okonda zachilengedwe la ku Brno, anthu pafupifupi 40, n'kuwawerengera zimene anapeza. Chaka chotsatira bungwelo linasindikiza nkhaniyo m'Chijeremani, m'magazini yake imene inatumizidwa ku malaibulale ndi mabungwe oposa 100. Kunali zii. Anthu a zomera sankayembekezera masamu m'nkhani ya maluwa, ndipo anthu a masamu sankawerenga magazini ya alimi ndi aphunzitsi a ku Moravia.

Mendel anatumiza kope kwa Carl Nägeli wa ku Munich, mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri a zomera pa nthawiyo. Nägeli anayankha mwaulemu koma mokayikira, monga bwana amayankhira kalata ya mwana wa sukulu. Anamulimbikitsa kuti alimbikire pa kachomera kakutchire kotchedwa Hieracium, kamene iye ankakakonda. Mendel anavutika nako zaka zingapo, maluwa ake ang'onoang'ono mpaka maso kumupweteka, ndipo masamu ake aja sanatuluke. Chifukwa chake chinadzadziwika Mendel atamwalira kale: kachomerako nthawi zambiri kamapanga njere popanda mungu, ana n'kukhala chithunzi cha mayi yekha. Pa zomera zonse za m'tchire, anagwera pa chimene sichitsata lamulo. Tsoka sasimba. Nägeli atalemba buku lake lalikulu la za kutengera mu 1884, dzina la Mendel munalibe.

Mu 1868 Napp atamwalira, amonke anasankha Mendel kukhala mkulu wawo. Nthawi ya m'dimba inachepa. Zaka zake zomaliza zinathera pa kulimbana ndi boma chifukwa cha msonkho watsopano wa nyumba za amonke, umene iye anakana kulipira mpaka imfa. Anamwalira pa 6 January 1884 ndi matenda a impso. Mapepala ake ambiri anawatentha.

Pa nthawi yomweyo, ku England anthu otchuka ankapapasa funso lomweli mumdima. Charles Darwin, mu 1868, anaganiza kuti chiwalo chilichonse cha thupi chimatulutsa tizidutswa timene timayenda m'thupi n'kukasonkhana m'mbewu ya kholo. Wachibale wake Francis Galton anati, ngati zili choncho, tizidutswato tiyenera kukhala m'magazi, ndiye tiyeni tiyese. Anatenga akalulu otuwa, n'kuwathira magazi a akalulu a mitundu ina, kenako n'kuwakweretsa okhaokha. Ana onse anabadwa otuwa ngati makolo awo. Anaulutsa zimenezi mu 1871. Choncho mawu athu aja akuti ndi magazi, amene azungu nawonso ankanena, anayesedwa pa akalulu ku London zaka zoposa 150 zapitazo, ndipo anagwa. Munthu ukalandira magazi kuchipatala, ana ako sadzatengera mphuno ya amene anaperekayo.

Mu 1900, zaka 16 Mendel ali m'manda, anthu atatu anasindikiza zotsatira zofanana ndi zake: Hugo de Vries wa ku Netherlands, Carl Correns wa ku Germany ndi Erich von Tschermak wa ku Austria. Correns, amene anali wophunzira wa Nägeli yemwe uja, ndi amene ananena poyera kuti wansembe wa ku Brno anawatsogolera kalekale. Ku England, William Bateson anainyamula nkhaniyi pamutu, ndipo ndi iye anapatsa phunziroli dzina lakuti genetics. Mu 1909 Wilhelm Johannsen wa ku Denmark anapatsa timalangizo tija dzina limene pa Chichewa timati majini. Ndikudziwa kuti agogo ena akamva mawuwa aganiza za mizimu ija yogwira anthu. Muwauze kuti awa ndi ena.

Funso linatsala linali lakuti, za nsawawa zikugwiranso ntchito pa anthu? Dokotala wina wa ku London, Archibald Garrod, ankaona ana amene matewera awo ankada bii, chifukwa mkodzo wawo ukakhudzana ndi mpweya umasanduka wakuda. Vutoli limatchedwa alkaptonuria. Makolo a anawo analibe vuto lililonse, koma Garrod anapeza kuti ambiri mwa iwo anali pachisuweni. Bateson anathandiza kumasulira: asuweni ali ndi agogo amodzi, ndiye n'kosavuta kuti onse awiri anyamule a wamng'ono yemweyo. Garrod anasindikiza izi mu 1902, ndipo mu 1908, pokamba za mavuto obadwa nawo a mtundu umenewu, anaika chialubino pa mndandanda womwewo.

Imani kaye pamenepa. Kuyambira nthawi imeneyo, zaka zoposa 100, zakhala zikudziwika kuti chialubino cha khungu, tsitsi ndi maso chimayenda ngati makwinya a nsawawa. Ndi jini yokhudza kapangidwe ka melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu. Munthu wokhala ndi kope limodzi logwira ntchito amakhala wakuda ngati wina aliyense, ndipo kope linalo likhoza kudutsa mibadwo yambiri osaonekera. Mwana wachialubino akabadwa, ndiye kuti walandira kope limodzi kwa mayi, lina kwa bambo. Mwanayo ndiye umboni woti kuchimuna ziliko. Bambo amene wathawa banja pa chifukwa chimenechi wanyamuka nayo jiniyo, ndipo akakakwatira kwina kwa mkazi woinyamulanso, akakumana nazo zomwezo.

Pali mlandu winanso umene amayi akhala akuusenza, wobereka ana aakazi okhaokha. Uwu anaumasula ndi mayi wa ku America, Nettie Stevens, mu 1905. Poyang'ana maselo a kachilombo kena kofumbula ufa, anaona kuti zazikazi zili ndi makromozomu 20 aakulu, pomwe zazimuna zili ndi 19 aakulu ndi kamodzi kakang'ono. Makromozomu ndi timaulusi ta mkati mwa selo timene timanyamula majini. Kakang'onoko ndi kamene lero timati Y. Kwa anthunso ndi chimodzimodzi: dzira la mayi nthawi zonse limanyamula X, ndipo mbewu ya bambo ndi imene imabweretsa X kapena Y.

Tsopano tibwere ku sickle cell, chifukwa apa mbiriyi ikudutsa pafupi ndi kwathu. Mu 1910 dokotala wa ku Chicago, James Herrick, analemba za wophunzira udokotala wa mano wochokera pa chilumba cha Grenada, Walter Clement Noel, amene maselo ake ofiira a magazi anali opindika ngati mwezi wongooneka kumene. Patapita zaka madokotala anasokonezeka, chifukwa anthu ambiri akuda anali ndi maselo otha kupindika akawayesa m'labu, koma odwala kwenikweni anali ochepa. Yankho linabwera mu 1949 kuchokera kwa anthu awiri osagwirira ntchito limodzi. Mmodzi anali James Neel wa ku Michigan, amene anayeza makolo 42 a odwala n'kupeza kuti aliyense wa iwo, bambo ndi mayi omwe, anali ndi chizindikirocho. Winayo anali E. A. Beet, dokotala wa boma la atsamunda ku Northern Rhodesia, Zambia wa lero, amene anatsata mibadwo ya mabanja a kumeneko. Onse anafika pa mfundo imodzi: kope limodzi, munthu amangonyamula, makope awiri, ndiye matenda. Mabanja a ku Zambia amene anatambasula mikono kuti ayezedwe magazi ali m'mbiri imeneyi, ngakhale mayina awo sali pa chikuto.

Beet yemweyo, ali ku Balovale, boma limene lero limatchedwa Zambezi, anali ataona kale mu 1946 kuti onyamula jiniyi sapezeka kwambiri ndi tizilombo ta malungo m'magazi. Anthony Allison, amene anabadwira ku South Africa n'kukulira ku Kenya, anabweretsa umboni wamphamvu mu 1954: kope limodzi limateteza mwana ku malungo oopsa. Ndi chifukwa chake jiniyi ndi yofala kumadera a malungo, mu Africa komanso mbali zina za India, Arabia ndi m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Si temberero la mtundu. Inapulumutsa makolo athu ambiri ali makanda, koma mtengo wake amalipira ndi mwana amene walandira makope awiri.

Kwa inu muli ku England, izi si za m'buku. Mwana akakwanitsa masiku 5 amamubaya kachidendene kutenga timadontho ta magazi, ndipo sickle cell ili m'gulu la zimene amayeza. Mayi woyembekezera akapezeka kuti ndi wonyamula, bambo nayenso amapemphedwa kukayezetsa. Abale anga, musamathawe kalata imeneyo. Ku America nakonso makanda amayezedwa m'zigawo zonse. Mukamva wina akuti ndine AS, akutanthauza kope limodzi la masiku onse ndi limodzi la sickle. AS akakwatirana ndi AS, mwayi woti mwana akhale SS ndi umodzi pa inayi. Koma chenjerani, umodzi pa inayi umenewu ndi wa mimba iliyonse payokha. Ndalama ija ikaponyedwa siikumbukira kuti dzulo inagwa bwanji. Banja likhoza kukhala ndi ana anayi onse osadwala, lina n'kukhala ndi awiri odwala motsatizana. Mendel anaona zitatu kwa chimodzi chifukwa anawerenga njere masauzande. M'khoko limodzi nayenso ankapeza zosokonekera.

Ndisakunamizeni kuti zonse za munthu zimayenda ngati nsawawa. Msinkhu, nkhope, kuda kapena kuyera kwa khungu kwa masiku onse, zimenezi zimapangidwa ndi majini ambirimbiri ogwira ntchito pamodzi, kuphatikizapo zakudya ndi kumene munthu wakulira. Jini iliyonse payokha ikutsata lamulo la Mendel, koma zikachuluka, kunja zimaoneka ngati tiyi wamkaka uja. N'chifukwa chake ana a Mmalawi ndi mzungu amatuluka apakati, komanso n'chifukwa chake ana a mimba imodzi wina amatuluka woyererapo kuposa mnzake popanda wina kuzemba usiku. Anthu amene anaiwala malire amenewa anachita zoopsa. Galton wa akalulu uja ndi amene mu 1883 anayambitsa mawu akuti eugenics, maganizo oti anthu azisankhidwa oyenera kubereka ngati ziweto. Otsatira ake anatenga umphawi, uchigawenga ndi kusachita bwino m'kalasi ngati kuti chilichonse ndi jini imodzi, ndipo ku America anthu oposa 60,000 anatsekedwa kubereka mokakamizidwa. Ku Germany ya Hitler zinaposa pamenepo. Ngakhale nkhani ya Beet ya mabanja a ku Zambia ija inatuluka m'magazini yotchedwa Annals of Eugenics, imene inadzasintha dzina patapita zaka zochepa.

Mendel anamwalira osadziwa kuti A wamkulu ndi a wamng'ono ndi chiyani kwenikweni. Za DNA zinadzamveka pakati pa zaka za m'ma 1900. Koma makwinya ake aja anadzapezeka. Mu 1990, akatswiri a pa John Innes Institute ku Norwich anapeza jini yake. Ndi jini imene imathandiza njere kusandutsa shuga kukhala sitachi wa nthambinthambi. Mu nsawawa zamakwinya, kachidutswa ka DNA kachilendo kanadzilowetsa pakati pa jiniyo n'kuiwononga. Ndiye shuga amatsala wambiri, njere imamwa madzi ochuluka ikamakula, ndipo ikauma imafwapa n'kuchita makwinya. Kope limodzi labwino ndi lokwanira kugwira ntchito yonse, n'chifukwa chake kusalala kumaonekera.

Shuga wotsalayo ndi amene amachititsa kuti nsawawa zamakwinya zikhale zotsekemera, ndipo makampani oumitsa nsawawa m'firiji amakonda mitundu imeneyi. Amazithyola zikadali zanthete, makwinya asanaoneke. Choncho kathumba kaja kali pansi pa nkhuku m'firiji mwanu, kamene amayi amathira mu mpunga Lamulungu, mosakayika ndi ka mtundu wamakwinya, wa a wamng'ono uku ndi uku. Mukakatsegula madzulo ano mukayang'aneko kaye musanathire mumphika.